Otsegula maloko popanda kiyi, koma si mbava

Mvula ikagwa m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya, eni galimoto ambiri amazindikira tsiku lomwelo kuti mawaipa awo adatha kalekale. Amathamangira kusitolo ya zipangizo za galimoto kukagula atsopano, akalewo n'kuwaponya m'bini ya pakhomo pa sitoloyo. Kenaka kumabwera anthu ena ovala bwinobwino, ena mwa iwo aphunzitsi, madokotala ndi akatswiri a makompyuta, kudzapempha mwini sitolo kuti awalole kufufuza m'binimo. Mphira wa waipayo alibe nawo ntchito. Chomwe akufuna ndi tizitsulo tiwiri titalitali, topyapyala ngati tsamba la udzu, timene timalimbitsa mphirawo m'mbali mwake.

Anzawo ena amayenda chowerama m'mphepete mwa misewu m'mamawa, kutola tizitsulo tothothoka ku maburashi a magalimoto osesa misewu. Enanso amasunga masowo odulira zitsulo amene adabuntha. Akafika kunyumba amatenga tupa ndi sandipepa, n'kukhala pansi madzulo onse kusula tizida totsegulira loko popanda kiyi. Akamaliza amatenga loko amene adagula ndi ndalama zawo, n'kuyamba kulimbana naye pathebulo mpaka atatseguka. Akatseguka amamutsekanso n'kuyambiranso. Palibe chitseko, palibe katundu, palibe chotenga. Masewerawa ali ndi dzina m'Chingerezi, amati locksport, ndipo ali ndi makalabu, mipikisano ndi akatswiri ake monga momwe zilili ndi bawo kapena chesi.

Ndikudziwa kuti pofika apa awerengi ena ayamba kale kupukusa mutu. Munthu wanzeru zake angamataye nthawi kuphunzira luso la mbava n'kumati ndi masewera? Funsoli ndi lomveka ndipo tiliyankha, koma tiyambe taona chimene chili m'kati mwa loko, chifukwa ambiri a ife timagona tulo tofa nato podalira chinthu chimene sitidachionepo m'kati.

Tengani kiyi uja wa mano ngati sowo, wa loko wa pageti kapena pagolosale. Pamene mumalowetsa kiyiyo pali kachitsulo kobulungira kamene kamazungulira mukapotokola. Tikatchule kuti mtima wa loko. Mtimawo udabooledwa timabowo, kawirikawiri tisanu, ndipo m'bowo lililonse muli timapini tiwiri tosanjikizana, pamwamba pake pali kasipuling'i kotikankhira pansi. Kiyi akakhala kuti mulibe, timapini tapamwamba timakhala theka mumtima, theka m'thupi la loko, ngati mpiringidzo wa chitseko, kotero mtima sungazungulire. Mano a kiyi woyenera amakweza pini aliyense pamlingo wake ndendende, mipiringidzo yonse isanu n'kuchoka nthawi imodzi. Nzeru imeneyi ndi yakalekale, idalipo kale m'maloko amitengo a ku Egypt ndi ku Mesopotamia, koma amene adaikonza kuti ifike momwe tikuidziwira lero ndi Linus Yale wamng'ono wa ku America, m'zaka za 1861 ndi 1865.

Pamasamu, loko wotere ndi linga. Ngati pini aliyense angadulidwe m'misinkhu khumi, timapini tisanu tingapereke makiyi osiyana okwana 100,000. Vuto ndi lakuti palibe makina padziko lapansi amene angaboole mabowo asanu pamzere woongoka kotheratu. Lina limapatukako pang'ono, mwina mocheperapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Choncho mtima wa loko ukapotokoledwa pang'ono chabe, timapini tonse sitigwira pamodzi. Mmodzi ndiye amayamba kuluma. Munthu wa zala zomva amamupeza ameneyo, n'kumukweza mpaka atakhala m'malo mwake, kenaka n'kusaka wotsatira. M'malo molimbana ndi makiyi 100,000, akulimbana ndi timapini tisanu, mmodzimmodzi. Luso lonse lagona pa kaphonyedwe kakang'ono ka makina a kufakitale, ndipo loko akakhala wotchipa, kaphonyedweko kamakhala kakakulu.

Zida zake zenizeni ndi ziwiri basi. China ndi kachitsulo kopindika kopotokolera mtima wa loko. Chinzake ndi kangowe, kofanana ndithu ndi ngowe yothyolera mango, kungoti n'kakang'ono ngati singano ndipo kupyapyala kwake kumangopitirira pang'ono theka la milimita. Palinso tina ta mano okwera ndi kutsika timene amatikhutiza pa timapini tonse nthawi imodzi, koma akatswiri amatiyang'ana ndi diso lonyoza pang'ono, amati n'kudalira mwayi.

Tizida timeneti timagulitsidwa m'masitolo m'maiko ambiri, ndipo mtengo wake si woboola m'thumba. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wamkulu, wapantchito yabwino, amakafufuza m'bini?

Chifukwa choyamba ndi chitsulocho. Si chitsulo chilichonse chimene chingagwire ntchitoyi. Waya wamba amapindika n'kukhala chopindika chomwecho. Msomali ndi wonenepa. Chitsulo cholimba kwambiri chimathyoka ngati galasi, chiduswa chake n'kutsalira m'kati mwa loko. Chofunika ndi chitsulo chimene chimagonja pang'ono n'kubwerera m'malo mwake, ndipo opanga mawaipa ndi maburashi osesera misewu adachisankha kale chotero pa zifukwa zawozawo. Wotola m'bini uja akutola chitsulo chabwino chimene wina adachiyesa zinyalala.

Chifukwa chachiwiri ndi dzanja. Wosula kangowe amajambula kaye maonekedwe ake, n'kuyamba kudya chitsulocho pang'onopang'ono. Ngati akugwiritsa ntchito makina onolera, pambali pake pamakhala kapu ya madzi yoviikamo kachitsuloko pafupipafupi, chifukwa kakangotentha mpaka kusanduka kobiriwira ngati thambo, mphamvu yake yatha ndipo ntchito yonse yapita m'madzi. Ambiri amakonda tupa, ngakhale ndi lochedwa, poti sililakwitsa mwadzidzidzi. Koma ntchito yaikulu imayamba maonekedwe akatheka. Amapala ndi sandipepa wokhakhala, kenaka wosalalirapo, kenaka wosalala kwambiri, mpaka kachitsuloko kawale ngati kalilole. Izi sachitira kukongoletsa. M'kati mwa loko maso safikamo. Munthu amaona ndi nsonga za zala. Kangowe kokhakhala kamakwekwereza m'mbali mwa bowo n'kumauza zala zabodza, pamene kosalala kamabweretsa uthenga wa pini yekha: uyu waluma, uyu ndi womasuka, uyu wakhala. Tizida tambiri ta kufakitale timadulidwa mwaunyinji n'kutuluka ndi m'mbali mwakuthwa, moti ngakhale ogula amakatipalabe ndi sandipepa asanatigwiritse ntchito. Ndiye wina amangoti, ngati ndikapalebe, bwanji ndisule ndekha chiyambire?

Maloko nawonso amasiyana. Ambiri a ku America ali ndi pakamwa potakasuka, pamene a ku Ulaya ali ndi pakamwa popanikiza ndi pokhotakhota, pofuna kangowe kopyapyala kwambiri. Wosula yekha amapanga chida cholingana ndi loko amene wamuvuta sabata imeneyo, ndi chogwirira cholingana ndi chikhatho chake. Ena zogwirirazo amazisema ndi mtengo, ena ndi nyanga, ena ndi mkuwa, mpaka chidacho chimaoneka ngati cholembera chamtengo wapatali. Amene adakulira kumudzi akudziwa kuti mpini wa khasu umene munthu wasema yekha umakhala m'manja mosiyana ndi wogula pamsika.

Umboni woti kusula pamanja si chibwana ulipo. Chimodzi mwa zida zotchuka kwambiri pa masewerawa chimatchedwa Bogota. Chili ndi timapiri titatu kunsonga kwake, ndipo dzinalo lidachokera ku mapiri ozungulira mzinda wa Bogotá ku Colombia. Sichidatuluke m'fakitale iliyonse. Adachiyambitsa ndi munthu wina wa ku America wodziwika ndi dzina loti Raimundo, amene ankasula ndi tupa kuchokera ku tizitsulo totola totere. Lero makampani opanga zida zotsegulira maloko amachipanga mwaunyinji potengera chake chija.

Makalabu a masewerawa si akale kwenikweni. Ku Germany, mumzinda wa Hamburg, Steffen Wernéry ndi anzake adayambitsa kalabu yotchedwa SSDeV m'chaka cha 1997. Ambiri mwa iwo adali anthu a makompyuta amene adazolowera kale kusaka zofooka m'mapulogalamu, ndipo adaona kuti loko ndi mwambi wamtundu womwewo, kungoti ndi wachitsulo. Ku Netherlands, Barry Wels ndi anzake adakhazikitsa bungwe la TOOOL m'chaka cha 2002, ndipo lero lili ndi nthambi m'maiko angapo kuphatikizapo America. Pamsonkhano waukulu wa akatswiri a chitetezo cha makompyuta wa DEF CON, umene umachitika chaka ndi chaka ku Las Vegas, pamakhala chipinda chodzaza mathebulo ndi maloko, pomwe ngakhale ana amaphunzitsidwa. Gulu lina, la Lock Pickers United, limapereka malamba amitundu ngati a karate, kuyambira loyera mpaka lakuda, ndipo kuti munthu akwere kumalamba apamwamba amayenera kuonetsanso kuti amatha kupanga zinthu ndi manja ake, osangotsegula maloko okha.

Tingotchula modutsa kuti chilakolako chotere sichisankha munthu. Mfumu Louis XVI ya ku France idali ndi chipinda chake chosuliramo maloko kunyumba yachifumu ya Versailles, ndipo inkakhala maola ambiri mmenemo ndi mmisiri wotchedwa François Gamain. Mmisiri yemweyo ndi amene mu November 1792 adaulula za kabati yachitsulo yobisika m'khoma, momwe mfumuyo inkasungamo makalata ake achinsinsi. Mu January 1793 mfumuyo idadulidwa mutu. Loko adali wolimba, koma amene adamupanga adali ndi pakamwa.

Makalabu onsewa ali ndi malamulo awiri amene wophunzira amauzidwa asanagwire kangowe. Loyamba: usatsegule loko amene si wako, pokhapokha mwini wake atakulola momveka bwino. Lachiwiri: usaseweretse loko amene akugwira ntchito, ngakhale akhale wa pakhomo pako pomwe, chifukwa ukhoza kumuononga n'kugona panja kapena kugona chitseko chili pululu. Wophwanya lamulo loyamba amachotsedwa m'gulu.

Koma malamulo a kalabu samanga mbava. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mkangano wake ndi wa zaka zoposa 170.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mmisiri wa ku England dzina lake Joseph Bramah adapanga loko amene ankakhulupirira kuti palibe angamutsegule. Adamukoloweka pawindo la sitolo yake mumsewu wa Piccadilly ku London, ndi uthenga woti aliyense wopanga chida chomutsegula adzalandira maginiya 200, omwe ndi mapaundi 210, chuma chochuluka zedi masiku amenewo. Lokoyo adakhala pawindopo zaka zosachepera 50. Bramah mwini adamwalira mu 1814 asadaone womugonjetsa. Mu 1818 Jeremiah Chubb adatulutsanso loko wina wochenjera, amene ankadzimanga yekha wina akayesa kumutokosa, kuti mwini nyumba akabwera adziwe kuti kudabwera mlendo. Mabanki ndi anthu olemera a ku England ankagona mtima uli m'malo podalira maina awiriwa.

Mu 1851, pa chionetsero chachikulu cha zamalonda ku London, kudafika Mmereka wina, Alfred Charles Hobbs. Iye adali wogulitsa maloko a kampani ya Day & Newell ya ku New York, ndipo njira yake yotsatsira malonda idali yosavuta: kutsegula loko wa mnzake pamaso pa mwini banki, kenaka n'kumuonetsa wake. Loko wa Chubb adamutsegula m'mphindi 25 pamaso pa mboni. Kenaka adapita ku Piccadilly kukapempha loko wa pawindo uja. Adampatsa chipinda chapamwamba pa sitoloyo, ndipo adalimbana naye maola 51 m'masiku 16, pogwiritsa ntchito tizida timene adakonza yekha. Loko adatseguka. Eni kampani adadandaula kuti mbava yeniyeni singapatsidwe chipinda ndi masiku 16, ndipo pamenepo sadaname, koma oweruza adagamula kuti ndalamazo zimupeze. Lokoyo lero ali kunyumba yosungirako zakale ya Science Museum ku London.

Nyuzipepala za ku London zidadzaza ndi mkangano. Ambiri ankati Hobbs wachita zoipa, waphunzitsa akuba. Yankho lake lidatuluka m'buku la za maloko la mu 1853, ndipo mwachidule mfundo yake idali yakuti akuba ndi akhama pa ntchito yawo, amauzana okhaokha zimene atulukira, ndipo zofooka za maloko adazidziwa kale amisiri asadayambe kuzikamba poyera. Amene amatsala mumdima ndi munthu wachilungamo wogula loko. Chodabwitsa n'chakuti Hobbs adakhazikika ku London n'kutsegula kampani yake ya maloko, ndipo patangopita zaka zochepa mmisiri wa kampani ya Chubb adatsegula loko wa Hobbs yemweyo. Mpikisano umenewu ndi umene udakakamiza opanga maloko onse kukonza katundu wawo.

Wina anganene kuti izi ndi zakale. Tiyeni tibwere chakuno. Mu September 2004 kudafala kanema woonetsa munthu akutsegula loko wa njinga wa kampani ya Kryptonite ndi chikhungwa cha cholembera cha Bic, m'timasekondi towerengeka. Amenewa adali maloko odula, odalirika pakati pa okwera njinga m'mizinda ikuluikulu. Kampaniyo idakakamizika kusinthira makasitomala ake maloko masauzande ambirimbiri kwaulere. Koma chofooka chimenechi chidali chitalembedwapo kale m'magazini ina ya njinga ku Britain mu 1992. Kwa zaka khumi ndi ziwiri nkhaniyo idangokhala m'makona, maloko akugulitsidwabe. Kodi pa zaka zimenezo chinsinsicho chinkateteza ndani? Mwini njinga ayi ndithu.

Mu 2003 katswiri wa makompyuta Matt Blaze, amene ankagwira ntchito ku AT&T, adalemba za chofooka cha maloko a m'masukulu, m'mahotela ndi m'maofesi, aja amene zitseko zonse zimatseguka ndi kiyi mmodzi wa bwana. Amisiri a maloko adamukwiyira kwambiri, ndipo chimene ambiri adanena n'chakuti iwo ankachidziwa kalekale. Ankachidziwa, inde, koma ogula sankawauza.

Nkhani imene imandiseketsa ndi ya Richard Feynman, wasayansi amene adadzalandira mphotho ya Nobel mu 1965. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye adali m'gulu lopanga bomba la atomiki ku Los Alamos, ndipo pofuna kutayitsa nthawi adaphunzira kutsegula makabati osungiramo zinsinsi za bombalo. Tsiku lina ali kumalo ena a ntchito yomweyo ku Oak Ridge, adaonetsa mkulu wa asilikali momwe makabatiwo adalili ofooka, n'kumulangiza chochita. Mkuluyo adachitapo kanthu, koma mwa njira yake: adalamula kuti aliyense amene Feynman adalowapo mu ofesi yake asinthe manambala a kabati. Makabati adatsala momwemo. Choopsa kwa mkuluyo chidali Feynman. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kawirikawiri timathamangitsa wotitsinayo, njoka n'kuisiya m'nyumba.

Ine ndili kumbali ya Hobbs, ngakhale sindinena kuti otsutsa alibe mfundo. Dziko la Japan lidaonapo zoopsa zenizeni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000, magulu a mbava adaphunzira kutsegula mtundu wina wa loko umene udali pazitseko zambirimbiri m'dzikomo, ndipo umbava wotsegula maloko udakwera kwambiri. Mu 2003 boma lidakhazikitsa lamulo loletsa kukhala ndi zida zotere popanda chifukwa chomveka, chilango chake n'kufika chaka chimodzi m'ndende. Choncho n'zoona kuti luso limeneli likhoza kulowa m'manja oipa. Koma taonani bwino zimene zidachitika kumeneko: mbavazo sizidaphunzire m'kalabu, ndipo anthu wamba adadziwa za kufooka kwa maloko awo nyumba zitathyoledwa kale. Lamulo lomwelo lidalamulanso opanga maloko kuti azilemba poyera kulimba kwa katundu wawo, ndipo anthu adayamba kusintha maloko.

Palinso mfundo ina imene ochita mantha amaiwala. Kutsegula loko wabwino ndi kangowe kumafuna miyezi yophunzira, bata, kuwala ndi mtima wodekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbava ilibe nthawi imeneyo. Apolisi a m'maiko ambiri amanena chimodzimodzi, kuti akuba ambiri amalowa pothyola kapena podzera pomwe pasiyidwa posatseka. Kwathu kuno sitifunika wotiuza. Amene adaberedwapo akudziwa kuti adapeza loko atadulidwa ndi chodulira zitsulo, chitseko chitakanulidwa ndi chitsulo chozulira misomali, mabagalabazi atapindidwa, khoma litabooledwa kapena lata litakanganulidwa. Wokhala pansi madzulo atatu kupala kachitsulo ndi sandipepa mpaka kawale ndi munthu wa mtima wina.

Komabe ntchito ya anthu amenewa ikutikhudza, chifukwa maloko amene amaseweretsa ndi omwewo ali m'mashopu athu a hadiweya. Zimene apeza n'zosasangalatsa. Maloko ambiri otchipa, ngakhale akhale olemera ndi onyezimira ngati golide, m'kati mwake muli timapini tochepa, toikidwa mosasamala, moti wophunzira wa tsiku limodzi amawatsegula. Kulemera kwa loko si umboni wa chilichonse. Nanga maloko aja olowetsa m'chitseko, a kiyi wamtali wa mbendera kunsonga, amene adadzaza m'nyumba za lendi? Otchipa ake, a maliva awiri, ali ndi mitundu yochepa chabe ya makiyi, ndipo kiyi aliyense adadindidwa nambala. Wodziwa nambalayo amakagula mnzake pamsika popanda womufunsa. Ambiri a ife tidaonapo kiyi wa kuchipinda akutsegula chitseko cha aneba. Loko wotere ndi woyenera pa chitseko cha kubafa kapena kuchipinda, poletsa ana kulowa mwachisawawa. Pa chitseko chakunja pamafunika wa maliva asanu, kapena loko wina wowonjezera. Ndipo wolowa m'nyumba ya lendi azidzifunsa kuti makiyi a chitseko chimenecho adadutsa m'manja mwa anthu angati iye asanabwere.

Opanga maloko abwino adayankha kale ochita masewerawa. Amaika timapini todulidwa m'chiuno ngati mtondo, kapena tamizeremizere, timene timanamiza zala za wotsegula kuti pini wakhala pomwe sadakhale. Ena adasiyiratu timapini ndi masipuling'i. Ku Finland, Emil Henriksson adatulukira mu 1907 loko wa timbale tozungulira, amene lero amadziwika ndi dzina loti Abloy, ndipo mitundu yake yatsopano imasowetsa mtendere ngakhale akatswiri a malamba akuda. Maloko otere ndi odula, koma munthu amene waika katundu wa mamiliyoni m'golosale n'kutseka ndi loko wa mtengo wa botolo la mafuta ophikira aganizirepo kawiri.

Tsono mawu kwa achinyamata amene nkhaniyi yawakodola, aja amene adakula akupinda magalimoto a mawaya ndipo zala zawo zayamba kale kuyabwa. Luso lamanja muli nalo, ndipo amisiri enieni a maloko ndi ochepa. Ambiri amene tili nawo m'misika ndi odula makiyi, ndipo munthu akataya kiyi mankhwala ake amakhala hamala. Koma dziwani malo amene mukukhala. Ku England ndi Wales, lamulo la Theft Act la 1968 limalanga munthu wopezeka kunja kwa nyumba yake atanyamula zida n'cholinga chokaba, mpaka zaka zitatu m'ndende. Malamulo athu a milandu, amene adachokera komweko, nawonso amati ndi mlandu kupezeka usiku ndi zida zothyolera nyumba popanda chifukwa chomveka. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'matauni mwathu woganiziridwa kuba nthawi zina safika n'kupolisi komwe. Gulu lolusa silidzakupatsani mpata wofotokoza za Hamburg kapena za Hobbs. Wofuna kuphunzira agule loko wake, aphunzirire m'nyumba mwake makolo akudziwa, zida zisatuluke pakhomo, ndipo ngati akufuna kuti ikhale ntchito, akadziphatike kwa mmisiri wodziwika amene anthu a m'deralo amamukhulupirira.

Kumaiko kumene masewerawa adazika mizu, amene wafika potopa ndi maloko a m'sitolo amayamba kupanga ake. Amamasula loko wamba, n'kuchotsa timapini ta kufakitale, n'kusema take ndi tupa laling'ono: kena kokhala ndi khosi, kena ka mano, kena kobisa kasipuling'i kolimba kuposa tinzake. Kiyi amamukulunga m'pepala n'kumata, kuti wolandira asaone mano ake. Lokoyo amamupatsa dzina n'kumutumiza papositi kwa mnzake, mwina wa kudziko lina amene sadaonanepo naye maso ndi maso. Wolandirayo amalimbana naye, kaya ndi ola limodzi kaya ndi mwezi wathunthu. Akamutsegula amamumasula kuti aone misampha imene idamuzunza, n'kumumanganso bwinobwino, n'kulemba dzina lake pakapepala koyenda ndi lokoyo, kenaka n'kumutumiza kwa wina.